Njinga, Katundu ndi Chitunda

Anzanga alimi, dziko lathu kuno ku Angónia ndi ku Tsangano ndi la mapiri. Mvula imagwa yokwanira, kunja kumazizira, ndipo chimanga, nyemba, kachewere, kabichi, fodya ndi tirigu zimalola. Koma mbewu siidzigulitsa yokha ili m'munda. Iyenera kufika ku msika, kaya ku Ulónguè, kaya ku Dómuè, kaya ku misika ya m'malire monga wa pa Lizulu. Amene ali ndi ngolo ndi owerengeka. Lole imafuna ndalama. Ambiri a ife chimene tili nacho ndi njinga yakapalasa, ndipo pakati pa munda ndi msika pamakhala chitunda.

Taonani manambala awa. Tauni ya Ulónguè ili pamwamba, mamita oposa 1,200 kuchokera pamene pali madzi a nyanja yamchere. Phiri la Dómuè limapitirira mamita 2,000. Koma mzinda wa Tete, m'mbali mwa Zambezi, sufika ndi mamita 200 omwe. Kwa abale athu a ku Niassa ndi chimodzimodzi. Lichinga ili pa mamita oposa 1,300, pamene Metangula, m'mphepete mwa nyanja, siifika 500. Usipa wochokera kunyanja uyenera kukwera mtunda wonsewo kuti ukadyedwe ku Lichinga.

Komabe chitunda chimene chimatisautsa tsiku ndi tsiku si phiri la Dómuè ayi. Ndi kachikweza kaja ka kutsidya kwa mtsinje, kamene sikanalembedwe pa mapu alionse. Madimba athu ali kumunsi, kumadambo, kumene kuli madzi. Midzi ndi misewu ili kumtunda. Ndiye kuti tomato aliyense ndi kabichi aliyense, ulendo wake umayamba ndi kukwera. Pa zikweza zimenezi ndi pamene matcheni amaduka, masipoko amathyoka, matumba amang'ambika, ndipo anthu amadzipweteka msana ndi mawondo. Wina amafika pa msika dzuwa litakwera, ogula ochokera kutali atadzaza kale malole awo, n'kugulitsa motchipa poopa kubwerera nazo. Mbewu analima bwinobwino, koma phindu lathera pa chitunda.

Anthu ambiri amati kukwera chitunda ndi nkhani ya mphamvu basi. Ati mwamuna weniweni satsika pa njinga. Ine ndikuti ndi nkhani ya masamu, ndipo masamu ake ndi omwe aja tikuphunzira m'kalasi: kuphatikiza, kuchulukitsa ndi kugawa. Tiyeni tiwaone.

Kuyeza chitunda

Pa misewu ya tala mumaona chikwangwani cha ngodya zitatu cholembedwa 10%. Timawerenga kuti 10 pa 100. Tanthauzo lake ndi ili: mukayenda mamita 100 kupita kutsogolo, mwakwera mamita 10 kupita kumwamba. Chitunda cha 5 pa 100 ndi chofatsa. Cha 10 pa 100 ndi chaukali ndithu. Chikapitirira 15, ngakhale woyenda pansi amawerama.

Njira za kumudzi zilibe zikwangwani, koma mungathe kuyeza nokha. Dulani nsungwi yowongoka yotalika mita imodzi. Tengani botolo loonekera m'kati, lithireni madzi kutsala pang'ono kudzaza, mulitseke. Ikani nsonga imodzi ya nsungwi pansi, mbali ya kumtunda. Nsonga inayo ikwezeni pang'onopang'ono, botolo mutaligoneka pa nsungwipo. Kathovu ka mpweya kakaima pakati pa botolo, ndiye kuti nsungwi yagona molingana. Tsono mnzanu ayeze kuchokera pa nsonga yokwezedwayo kufika pansi. Akapeza masentimita 8, chitundacho ndi cha 8 pa 100. Akapeza 12, ndi cha 12 pa 100. Yezani malo atatu kapena anayi, chifukwa chitunda sichilingana ponseponse. Kawirikawiri pamakhala malo amodzi oipitsitsa, ndipo ndi amenewo amene tiyenera kuwadziwa.

Mukapalasa kamodzi, chimachitika n'chiyani?

Pa njinga zathu zakuda zija pali mbale ziwiri za mano zimene tcheni chimazungulirapo. Yaikulu ili pa mapedulo. Yaing'ono ili pa tayala la kumbuyo, ndiyo fuliwilo. Kawerengeni mano a njinga yanu. Njinga zambiri zili ndi mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, kapena pafupi ndi pamenepo. Tikagawa 44 ndi 18 tipeza 2 ndi theka kuchepera pang'ono. Ndiye kuti mapedulo akazungulira kamodzi, tayala limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka. Tayala la mainchesi 28 likazungulira kamodzi limayenda mamita 2 ndi masentimita 20. Chotero kupalasa kumodzi kumatipititsa mamita 5 ndi masentimita 40.

Pamalo athyathyathya zimenezi n'zokoma. Mumangogunda pang'ono, njinga n'kumayenda yokha. Koma pa chitunda cha 10 pa 100, mamita 5 ndi masentimita 40 amenewa amatanthauza kukwera masentimita 54. Kupalasa kulikonse kuli ngati kunyamula njinga, thumba, ndi inu eni ake, n'kuziika pamwamba pa mtondo. Mukapalasanso, mwakwera mtondo wina.

Tsono tiwerenge kulemera. Tinene kuti inu mumalemera makilo 60. Njinga yotere imalemera makilo ngati 20. Thumba la chimanga ndi makilo 50. Zonse pamodzi ndi 130. Ntchito ya kupalasa kumodzi timaipeza pochulukitsa kulemera ndi kukwera: 130 × 54 = 7,020.

Nanga inu mungapereke zingati? Mukaimirira pa njinga, thupi lanu lonse limatsamira pa pedulo imodzi n'kutsika nayo masentimita ngati 35. Kenako limatsamira pa inayo n'kutsikanso 35. Pamodzi ndi masentimita 70. Tichulukitse: 60 × 70 = 4,200.

Mwaona? Chitunda chikufuna 7,020, thupi likupereka 4,200. Yotsalayo muyenera kuipeza pokoka chiwongolero ndi manja, pokakamiza msana ndi mawondo. Mnyamata wamphamvu angatero kwa kanthawi, koma sangapite nazo patali. N'chifukwa chake njinga imayamba kupepesuka, kenako n'kuima chiimire, pedulo itauma gwa. Si ulesi, si ukalamba, si kuti wina wakulodzani. Nambala ziwirizi sizikulingana basi.

Chotsani thumba lija muone. Kulemera kutsala 80, ndipo 80 × 54 = 4,320. Apa nambala zayandikana, ndipo n'chifukwa chake chitunda chomwecho mumachikwera mutaimirira ngati simunanyamule kanthu. Pa chitunda chofatsa cha 5 pa 100 kupalasa kumodzi kumakweza masentimita 27 okha. Ndi thumba limodzi, 130 × 27 = 3,510, mukwera. Ndi matumba awiri, 180 × 27 = 4,860, mutsika. Ndipotu m'masamu awa sitinawerengere mchenga, matope, mphepo, tayala lopanda mpweya wokwanira ndi tcheni chadzimbiri. Zonsezi zimaonjezera ku mbali ya chitunda, palibe chimene chimaonjezera ku mbali yanu.

Mano a fuliwilo

Pali chinthu chimodzi chotchipa chimene alimi a kumapiri ambiri sachiganizira: kusintha fuliwilo. Mukachotsa ya mano 18 n'kuika ya mano 22, masamu amasintha. 44 kugawa ndi 22 ndi 2. Kupalasa kumodzi tsopano ndi mamita 4 ndi masentimita 40. Pa chitunda chija cha 5 pa 100 mukwera masentimita 22, ndipo matumba awiri aja apereka 180 × 22 = 3,960. Nambala imeneyi ndi yochepa kuposa 4,200. Pamene munkatsika, tsopano mudutsa muli pa njinga.

Mtengo wake ulipo. Pamalo athyathyathya njinga idzayenda mochedwerapo, ndipo anyamata adzakupitirirani akuliza belu. Asiyeni apite, mukawapeza pa chikweza. Tcheni nachonso chidzafuna kuonjezera mfundo pang'ono, koma mmisiri wa njinga pa msika uliwonse amadziwa ntchito imeneyi. Kwa mlimi amene njira yake ndi yokwera n'kutsika, ine ndikuona kuti fuliwilo ya mano ambiri ndiyo yoyenera. Njinga zimabwera kuchokera ku fakitale zitakonzedwera misewu yathyathyathya. Wozipanga sanaone njira ya kudimba kwanu.

Masiku ano m'misika mulinso njinga za magiya, zambiri zakale zochokera kunja. Pokwera n'zabwino zedi, chifukwa mumasankha nokha mano amene mukufuna. Ngati muli nayo, sinthani giya musanafike pakati pa chitunda, ndipo posintha fewetsani phazi, kuopa kudula tcheni. Koma musanagule yang'anani zinthu ziwiri. Kodi kaliyala ndi masipoko ake angapirire thumba la makilo 50? Kodi kachitsulo kosinthira magiya kakapindika, chipezeka china pa msika wa kwanu? Njinga yabwino imene yaima pakhonde miyezi itatu kudikira chitsulo siithandiza munthu.

Kutsika n'kukankha

Tsono tifike pa nkhani ya manyazi. Ku France kuli mpikisano wa njinga wotchedwa Tour de France, umene unayamba mu 1903. Limodzi mwa mapiri ake otchuka ndi Alpe d'Huez, msewu wa makilomita pafupifupi 14, wokhota ka 21, wokwera 8 pa 100. Amene amakwera pamenepo ndi akatswiri a dziko lonse lapansi. Njinga zao zimalemera makilo ngati 7, pakuti lamulo la mipikisano sililola kuchepera makilo 6 ndi magalamu 800. Kumbuyo amakhala ndi magiya ambiri, ena a mano 30 ndi kupitirira. Sanyamula thumba, madzi akumwa amapatsiridwa m'njira. Komabe amafika pamwamba ali wefuwefu, ena mpaka kugwiriziridwa kuti asagwe. Mu 2025 mpikisano wa dziko lonse wa njinga za pamsewu unachitikira ku Kigali, m'dziko lamapiri la Rwanda, koyamba mu Africa muno, ndipo okwera ambiri sanamalize ulendo.

Kalelo njinga za mpikisano zinalibe magiya osintha uli paulendo ngati a lero. Mu 1910 katswiri wina, Octave Lapize, anatsika n'kukankha njinga yake pa phiri la Tourmalet. Chaka chomwecho ndiye anapambana Tour de France. Nanga inu, ndi njinga ya makilo 20 ndi kachewere wodzaza thumba, mukuchita manyazi ndi yani?

Kukankha nakonso kuli ndi nzeru zake. Choyamba, tsikani msanga. Musadikire kuti njinga iime yokha, chifukwa njinga yolemedwa ikaima pa chikweza imagwera mbali, ndipo imagwera pa mwendo wanu. Tsikani ikadali kuyenda, pamalo amene mwasankha nokha. Imani kumanzere kwa njinga, kumene kulibe tcheni. Dzanja lina ligwire chiwongolero pafupi ndi buleki, lina ligwire chishalo kapena katundu. Ipendekereni pang'ono kwa inu kuti itsamire m'chiuno, ndipo mukankhe ndi miyendo, msana uli wowongoka. Mapazi aziponda pafupipafupi. Ogulitsa makala ambiri amamangirira ndodo yolimba ku katundu kuti azikankhira ndi phewa. Imeneyo ndi nzeru yabwino, tiitengere.

Popuma, gwirani buleki, ikani mwala kumbuyo kwa tayala, ndipo ngati njira ilola imikani njinga mopingasa. Sankhani mtengo kapena chulu chimene chili patsogolo, mufike pamenepo, mupume, musankhenso china. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mukanyamuka, chotsani mwala uja mu msewu. Ambiri amausiya pomwepo, ndipo mnzao wotsika madzulo ndiye amaugunda.

Chabwino koposa ndi kuyenda pagulu. Anthu atatu a mudzi umodzi akanyamukira pamodzi, pa chikweza choipa aja amasiya njinga ziwiri kumunsi, onse n'kukankha imodzi. Akafika pamwamba amabwerera kukatenga ina. Kuyenda kumachuluka, inde, koma palibe amene amathyoka msana. Ngati muli nokha ndipo pamalopo ndi paukali, masulani thumba limodzi, mukweze linalo, mubwerere. N'kuchedwa kwa mphindi zochepa chabe. Sipoko ikaduka kapena limu ikapindika, mwataya tsiku lonse ndi ndalama.

Ena amakwera mokhotakhota, kuchoka mbali ino ya msewu kupita mbali inayo. Masamu ake ndi oona, chifukwa njira ikatalika ukali wa chitunda umachepa. M'njira ya kumunda, kumene sikudutsa galimoto, palibe vuto. Koma pa msewu waukulu musayese. Lole yotsika ndi katundu siingaime msanga, ndipo pokhota woyendetsa sakuonani. Khalani kumanzere kwanu. Za anyamata amene amagwira kumbuyo kwa lole kuti iwakoke pa chitunda, sindinena zambiri. Woyendetsa sadziwa kuti muli pamenepo, ndipo tayala la lole silipepesa.

Musakweze madzi ndi zinyalala

Apa ndi pamene ulimi ndi njinga zimakumana. Taona kuti pa chitunda kilo iliyonse imawerengedwa. Tsono funso ndi ili: m'thumba lanumo, zonse n'zogulitsika?

Chimanga cha m'zitsononkho chimalemera mwachabe. Pa magawo asanu alionse, limodzi ndi chitsononkho, chimene palibe adzakugulani. Tonolani kunyumba, mupete. Chimanga chosauma bwino nachonso chimanyamula madzi, ndipo wogula akachiluma n'kumva kufewa amatsitsa mtengo. Mwakweza madzi pa chitunda, kenako mwalipitsidwa chifukwa cha madzi omwewo. Chiyanikeni mpaka njere iziti kheche pa dzino. Kachewere sitingamuumitse, mwachibadwa ndi wamadzi ambiri, koma tingamusankhe. Sasani dothi, chotsani wovunda, wotemeka ndi khasu ndi wobiriwira. Wang'onowang'ono atsale wodya pakhomo. Kabichi muchotse masamba akunja oonongeka, kusiya ochepa omuteteza m'njira. Nyemba zipetedwe, miyala ichoke.

Ganiziraninso za mbewu imene mukukweza. Kilo ya nyemba ndi kilo ya chimanga zimalemera chimodzimodzi pa chitunda, koma pa msika nyemba kawirikawiri zimagulidwa mokwera. Mlimi wa kutali, wa kuseri kwa zitunda zambiri, achita bwino kunyamula pa njinga mbewu za mtengo wokwera, ndipo zolemera zotchipa azisonkhanitse ndi anzake n'kuchita hayala ngolo kapena lole kamodzi. Amene waphunzira kulemba angathe kusunga kabuku: wakuti matumba angati, wakuti angati, aliyense alipira zingati. Popanda kabuku kotere magulu ambiri amatha ndi mikangano.

Kamangidwe ka katundu nakonso n'kofunika. Katundu akakhala kumbuyo kwenikweni kwa kaliyala, pa chikweza tayala la kutsogolo limadzuka, chiwongolero n'kumayandama. Muikeni pafupi ndi chishalo, pamwamba penipeni pa tayala, ndipo akhale wotsika. Matumba awiri ang'onoang'ono olendewera mbali ndi mbali amayenda bwino kuposa limodzi lalikulu loimirira. Ngati katundu ndi wambiri, wina alowe pakati pa felemu. Mangani ndi malegeni a chubu chakale, mukoke zolimba, kenako gwedezani njinga. Thumba likasuntha pabwalo, lidzasunthanso pa chitunda.

Njingayo muione dzulo lake, osati m'mawa mukunyamuka. Popani matayala alimbe. Pukutani fumbi pa tcheni, mudonthezere oilo pang'ono, mupukutenso, pakuti oilo wambiri amaitana mchenga. Gwedezani mapedulo. Ngati mkono wa pedulo ukugwedera, kotapini yatha, isintheni, chifukwa imakana ntchito pa nthawi imene mwaimirira ndi thupi lonse. Chishalo chikwezeni mpaka bondo liziwongoka pafupifupi lonse pedulo ikafika pansi. Chishalo chotsika chimadya mawondo.

Thupi nalonso ndi injini

Palibe amene amayendetsa chigayo chopanda dizilo, koma anthu amanyamuka ndi matumba awiri m'mimba muli pululu. Idyani musananyamuke, kaya phala, kaya mbatata, kaya mkute. Tengani madzi kapena thobwa m'botolo, ndi nthochi kapena nzimbe za m'njira. Imwani pang'onopang'ono ludzu lisanakule. Nyamukani m'mbandakucha kuti zikweza zazikulu muzidutse kusanatenthe. Izi n'zofunika kwambiri kwa otsikira cha ku Moatize ndi ku Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40.

Mukamva chizungulire, mutu kuwawa, kapena maso kuchita mdima, imani, khalani pamthunzi, imwani madzi. Mukamva kuwawa kapena kuthina m'chifuwa, makamaka kofalikira ku mkono kapena ku nsagwada, imeneyo si nkhani ya kutopa wamba. Siyani katunduyo ndi anzanu, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndinenepo kanthu kena, abambo musakwiye. Zitunda zomwezi amayi amazikwera ndi dengu pamutu, mwana kumbuyo, njinga ili m'nyumba kudikira mwini wake abwere kuchokera kocheza. Thumba lopita kuchigayo likakhala pa njinga, ngakhale yongokankha, ntchito imachepa kwambiri kuposa kulisenza. Njinga ya pakhomo ndi ya pakhomo. Amayi ndi atsikana aphunzire kuikwera, kuimanga katundu ndi kumata chubu.

Kuseri kwa chitunda

Pokwera timatopa. Potsika ndi pamene anthu amafa. Kulemera komwe kuja kunkakukokerani kumbuyo, tsopano kukukankhirani kutsogolo, ndipo chokugwirani ndi timphira tinayi ta mabuleki basi.

Pali samu ina yoti muisunge pamtima. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Ngati poyenda pang'onopang'ono mumaima patatha mamita 5, mukathamanga kawiri kwake muima patatha mamita 20. Mlatho, mbuzi, mwana wa sukulu, zonse zimakwana m'mamita 20 amenewa. Chotero liwiro ligwireni kuyambira pamwamba penipeni, lisanakule. Gwirani mabuleki onse awiri, kuyamba ndi wa kumbuyo, mofatsa. Pa miyala yosalala ndi pa mchenga musafinye wa kutsogolo mwadzidzidzi, tayala lidzaterereka. Chepetsani liwiro musanalowe pokhota, osati muli m'kati mwake.

Mvula ikagwa, limu yachitsulo yonyowa imapangitsa mabuleki kukhala ngati palibe. Mumafinya, njinga ikungopita. Dothi lathu lofiira likanyowa limaterera ngati sopo. Nthawi yotere, lamulo ndi lomwe lija la pokwera: tsikani. Chitunda chimene simungachikwere ndi katundu muli pa chishalo, musachitsikenso ndi katundu muli pa chishalo. Yendani pambali, manja ali pa mabuleki.

Njinga zina zilibiretu mabuleki, mwini wake amaponda tayala ndi phazi la patapata. Zimenezi zimatheka pamalo athyathyathya wopanda katundu. Ndi makilo 180 pa mtsetse, patapata amaduka, phazi n'kulowa m'masipoko. Timphira ta mabuleki ndi tina mwa zida zotchipa kwambiri za njinga, mtengo wake sungafanane ndi wa ulendo wa kuchipatala. Ndipo kumbukirani kuti njinga yomweyo ndi imene idzanyamule wodwala kapena mayi woyembekezera usiku. Kumbukiraninso kuti amene wakwera popita ku msika adzatsika pobwerera, madzulo, ndalama zili m'thumba. Kachasu wa pa msika ndi mtsetse sizigwirizana. Ngati kwada, njinga ikhale ndi nyali kapena tochi, ndi chonyezimira kumbuyo.

Njira imaonongeka kuchokera kumunda

Chomaliza chimene chimaumitsa chitunda ndi zigwembe za m'njira. Zimachokera kuti? Zambiri zimachokera m'minda yathu yomwe. Mlimi akalima mizere yotsetsereka, yoloza kumunsi, mzere uliwonse umasanduka kamtsinje. Madzi amathamanga, amatenga nthaka ya pamwamba ndi feteleza, n'kukagwera m'njira. Pakutha pa dzinja njira yasanduka ngalande, miyala ili poyera, ndipo njinga siingadutse ngakhale yokankha. Mlimi yemweyo wataya kawiri, chonde m'munda ndi njira ya ku msika.

Mizere ipingase chitunda. Nsungwi ndi botolo zija tinayezera chikweza zingakuthandizeninso pano. Pamene nsonga zonse ziwiri zagunda pansi ndipo kathovu kali pakati, malo awiriwo ndi olingana. Khomani zikhomo, musunthire patsogolo, mukhomenso. Mzere wa zikhomowo ndiwo kalozera, ndipo mizere ina itsate umenewo. Pa kalozera dzalani udzu wa vetiva kapena nsenjere kuti mizu igwire nthaka. M'njiramo, mudzi ugwirizane tsiku limodzi mvula isanayambe: kukumba tingalande topatutsira madzi kutchire, kuthira miyala m'zigwembe, ndi kusalaza malo oipitsitsa aja munawapeza poyeza.

Ntchito ya sabata ino

Pitani awiriawiri mukayeze chikweza choipitsitsa cha pakati pa mudzi wanu ndi msika. Lembani nambala zake m'kope. Werengani mano a mbale ya kutsogolo ndi a fuliwilo ya njinga ya kwanu, muwalembenso.

Kenako yesani samu iyi. Mayi wolemera makilo 55 ali ndi njinga ya makilo 20 ndi thumba la nyemba la makilo 25. Njinga yake imayenda mamita 4 ndi masentimita 40 akapalasa kamodzi. Chitunda ndi cha 5 pa 100. Kodi chitunda chikufuna zingati, ndipo thupi lake lingapereke zingati? Akwera kapena atsika? Nanga chitundacho chikakhala cha 10 pa 100? Mubwere ndi mayankho tidzaonere pamodzi pa bolodi.